Kuphunzira zilankhulo zakunja ndi mabuku ndi mafilimu: momwe ine ndimachitira

Mlongo wanga wakhala akuonera masewero a ku India pa kanema kwa zaka zoposa 10. Apongozi onse ankhanza a m'masewerowo amawadziwa mayina pamtima, koma mutamufunsa mawu a Chihindi amene watolapo, sangapitirire atatu. Si kuti mutu wake ndi wouma ayi. Masewero a pa Zee World amafika kuno atawalowetsa kale mawu a Chingerezi, chimodzimodzinso ambiri a pa Telemundo amene kwawo anawajambula m'Chisipanishi. Za m'mavidiyo sho a m'misika mwathumu ndiye tisachite kunena: womasulira amalankhula Chichewa pamwamba pa aliyense, mpaka Mtchaina wa karate kumaopseza mnzake kuti amuswa mphuno ngati mnyamata wa ku Ndirande. Zimakoma, koma chilankhulo cha eni filimu sichifika m'khutu.

Ine ndaphunzira Chiswahili, Chipwitikizi ndi Chifalansa ndili pakhomo, popanda mayeso kapena satifiketi, mongosangalala ngati momwe ena amachitira ndi bawo. Chijeremani chinandikanika, ndipo chifukwa chake ndichinena kutsogoloku. Chimene ndaona pa zaka zonsezi n'chakuti chilankhulo chimalowa pamene ukubwereza nkhani imene mbali yake yaikulu ukuimva kale. Buku limodzi lowerengedwa katatu limaposa mabuku khumi ongoyambidwa. Zonse zimene ndilembe apa zikuchokera pamenepo.

Sankhani chimodzi, ndipo muwerengere maola

Chaka chimene ndinagula foni yoyamba ya intaneti ndinayamba Chifalansa, Chijeremani ndi Chisipanishi mwezi umodzi. Pofika nthawi yokolola ndinkatha kupereka moni m'zilankhulo zitatu, n'kuthera pomwepo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ngakhale mtima wanu uli pa zilankhulo zisanu, yambani ndi chimodzi.

Foreign Service Institute, sukulu ya boma la America yophunzitsa akazembe, inawerengera kuti wolankhula Chingerezi amafunika maola 600 mpaka 750 a m'kalasi kuti agwire ntchito m'Chifalansa, Chipwitikizi kapena Chisipanishi, maola pafupifupi 900 pa Chijeremani ndi Chiswahili, ndi maola 2,200 pa Chiarabu, Chitchaina, Chijapani ndi Chikoreya. Tsono chitani masamu. Mphindi 30 patsiku ndi maola 182 pachaka, ndiye kuti Chifalansa chikudyerani zaka zitatu mpaka zinayi. Ola lathunthu patsiku, zaka ziwiri. Amene akukulonjezani miyezi itatu akuyang'ana m'thumba mwanu.

Koma maola 900 a Chiswahiliwo ndi a azungu. Mzungu amatha miyezi akudabwa kuti mtu amasanduka bwanji watu, kitu n'kukhala vitu. Ife munthu, anthu, chinthu, zinthu tinayamwira kubere. Nyumba, nyama, mbuzi, moto, kulima, kuimba, zonsezi n'chimodzimodzi. Maji ndi madzi, mvua ndi mvula, njaa ndi njala. Ngakhale mneni amamangidwa ngati wathu: nitakupenda ndi ndidzakukonda, chidutswa ndi chidutswa. N'chifukwa chake ndimauza aliyense amene sanaphunzirepo yekha chilankhulo kuti ayambe ndi Chiswahili. Mumakolola msanga, ndipo luso lophunzira nokha mumalipezera pa munda wofewa. Chenjerani chabe ndi mawu ofanana nkhope koma osiyana mtima. Mswahili akati kusema sakugwira sompho, akutanthauza kunena. Akati kupita akutanthauza kudutsa.

Chipwitikizi nachonso si mlendo weniweni. Nsapato, mbatata, kalata, vinyo, chipewa ndi malinyero ndi mawu amene makolo athu anatola kwa Apwitikizi: sapato, batata, carta, vinho, chapéu, marinheiro. Ndipo olankhula nawo ali pafupi, kungodutsa chipata cha Dedza kapena Mwanza.

Masabata asanu ndi limodzi oyambirira

Simungatsegule buku la nkhani tsiku loyamba. Pezani kabuku kakang'ono ka galamala kapena maphunziro aulere a pa intaneti (TV5Monde ili nawo a Chifalansa, Deutsche Welle a Chijeremani), ndipo muwathamangire m'masabata asanu ndi limodzi osayesa kuloweza chilichonse. Cholinga n'kungodziwa kuti aneni amasintha motani, funso limafunsidwa bwanji, kukana kumanenedwa bwanji, ndi mawu 500 amene amabwera kawirikawiri. Galamala mudzabwererako mukakumana ndi chokuvutani m'nkhani, ndipo pamenepo idzamveka.

Chimene simuyenera kuthamangira ndi katchulidwe. Ife a Chichewa tili ndi msampha wathu: l ndi r kwa ife ndi liwu limodzi. M'Chifalansa lire ndi kuwerenga, rire ndi kuseka. Lit ndi bedi, riz ndi mpunga. M'Chipwitikizi caro ndi chodula, carro ndi galimoto, calo ndi chikang'a cha kuphazi. Palinso mavawelo otulukira m'mphuno: pão ndi buledi, pau ndi ndodo. Mayi wina wogulitsa buledi ku Ulónguè anandiseka mpaka kugwira m'mimba nditamupempha ndodo ziwiri zotentha. Khutu likapanda kumva kusiyana kumeneku poyamba, mudzawerenga mabuku ambiri mukutchula molakwa chamumtima, ndipo kudzakonza pambuyo ndi chintchito.

Dzina lililonse la Chifalansa kapena Chipwitikizi muziliphunzira pamodzi ndi kamawu kake kapatsogolo: la table, le livre, a casa, o mapa. Musadandaule nazo. Iwo ali ndi magulu awiri okha, chachimuna ndi chachikazi, pamene ife timayendetsa magulu oposa khumi tili m'tulo.

Buku loyamba

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Munthu amafuna kuyamba ndi buku lotchuka limene anamva kuti ndi la anthu ophunzira, n'kupeza kuti mzere uliwonse uli ndi mawu anayi achilendo. Pofika tsamba lachitatu dikishonale yatopa, iyenso watopa.

Paul Nation, katswiri wa ku Victoria University of Wellington ku New Zealand, anasonyeza kuti munthu amawerenga momasuka popanda thandizo ngati akudziwa mawu 98 pa 100 alionse a pa tsamba, ndipo mu 2006 anawerengera kuti mabuku a nkhani a Chingerezi amafuna mabanja a mawu 8,000 mpaka 9,000 (banja ndi liwu pamodzi ndi ena ochokera ku ilo) kuti ufike pamenepo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsegulani buku pakati, werengani tsamba limodzi, ndipo pindani chala pa mawu alionse amene simukuwadziwa. Tsamba la mawu 250 likatha zala za dzanja limodzi zokha zitapindika, bukulo ndi lanu. Manja onse awiri akatha tsamba lisanathe, libwezeni pa shelefu, lidzakudikirani.

Ndiye woyamba kumene awerenge chiyani? Njira ziwiri zinandithandiza.

Yoyamba ndi timabuku ta ana. African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa, ili ndi tinkhani taulere tazithunzi m'zilankhulo zambiri, kuphatikizapo Chichewa, Chiswahili, Chifalansa ndi Chipwitikizi, ndipo kambiri nkhani imodzi imapezeka m'zilankhulo zingapo. StoryWeaver ya ku India imachitanso chimodzimodzi. Manyazi asiyeni pakhomo. Ine ndinali bambo wa ana awiri pamene ndinkawerenga za mbuzi yosochera m'Chipwitikizi, ndipo mawu amene ndinatola mmenemo ndikuwagwiritsabe ntchito.

Yachiwiri ndi nkhani imene mukuidziwa kale pamtima. Kwa ambiri a ife imeneyi ndi Baibulo. Uthenga Wabwino wa Maliko uli ndi machaputala 16 okha, nkhani zake zimathamanga, ndipo mavesi ali ndi manambala ofanana m'chilankhulo chilichonse, kotero simusochera. Pa foni mutha kuika Chichewa mbali ina, Chiswahili mbali ina. Mukudziwa kale kuti wofesa anapita kukafesa, ndiye mawu achilendo amadzimasulira okha. Dziwani chabe kuti matembenuzidwe akale, monga la Chifalansa la Louis Segond la 1910, ali ndi kalankhulidwe kamene simudzakamva pa msika. Sankhani atsopano osavuta. Ngati Baibulo si lanu, tengani buku lililonse limene munaliwerenga kusekondale mpaka kuliloweza, mufufuze ngati linamasuliridwa.

Mukadutsa pamenepo, pitani ku nkhani za apolisi ofufuza milandu kapena zachikondi, zimene zimakukokani kuti muone tsamba lotsatira. Kawerengedwe kake ndi aka. Werengani chaputala chonse muli ndi pensulo, mukudula mzere pansi pa mawu achilendo, dikishonale ili kutali. Mukamaliza, fufuzani mawu amene abwera katatu kapena amene atsekereza nkhani, ena onse asiyeni. Mawa lake werenganinso chaputala chomwecho musanapite kutsogolo. Masamba 30 oyambirira ndi phiri, koma mlembi aliyense ali ndi mawu ake amene amawakonda, ndipo mukawadziwa njira imatsetsereka. Chifukwa chomwechi, mukamaliza buku funani lina la mlembi yemweyo.

Kató Lomb, mayi wa ku Hungary amene anabadwa mu 1909 n'kumwalira mu 2003, anaphunzira sayansi kuyunivesite koma anadzakhala womasulira wogwiritsa ntchito zilankhulo 16. Chirasha anachiphunzira yekha nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse powerenga mabuku a nkhani. Analibe foni kapena intaneti.

Mabuku akale aulere aliko ambiri pa Project Gutenberg, imene inayamba mu 1971, ndipo pa LibriVox anthu odzipereka anawawerenga mokweza kuti muzimvetsera mukutsatira ndi maso. Vuto lake ndi ukale womwewo. Mabuku a Chipwitikizi osindikizidwa dziko la Portugal lisanasinthe kalembedwe mu 1911 amalemba pharmacia pamene lero amalemba farmácia. Mabuku a Chifalansa, akale ndi atsopano omwe, amasimba nkhani ndi mneni wa m'mabuku mokha, il alla, il fut, pamene pakamwa anthu amati il est allé, il a été. Muzingomuzindikira mneni ameneyu, musavutike kumuloweza.

Filimu: mphindi zisanu, kanayi

Filimu ya maola awiri yoonera kamodzi, maso ali pa mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi, ndi chisangalalo chabe. Ubongo ndi waulesi, umatenga chophweka n'kutseka makutu.

Choyamba, sankhani sewero la magawo ambiri m'malo mwa filimu imodzi. Manovela a ku Brazil amapitirira magawo 100, anthu ake ndi omwewo, mikangano yake ndi yomweyo: wanama ndani, mwana ndi wa yani, chuma cha malemu chipita kuti. Mawu amabwerezedwa mpaka kukhazikika. Pa Chiswahili pali mafilimu a ku Tanzania otchedwa Bongo ambirimbiri pa YouTube ndi pa Sinema Zetu ya Azam TV, komanso masewero a ku Turkey olowetsedwa mawu a Chiswahili, amene katchulidwe kake kamamveka bwino kuposa ka m'misewu ya Dar es Salaam. Mafilimu a nkhondo ndi a zibakera asiyeni, mumangomva mfuti ndi kukuwa.

Kenaka dulani kachigawo ka mphindi zisanu kamene anthu awiri akukambirana, mukaonere kanayi. Ulendo woyamba ikani mawu a m'munsi a Chingerezi kuti mudziwe chikuchitika. Wachiwiri ikani a chilankhulo chomwecho, muziimitsa pa chiganizo chilichonse, muzilemba chimene chakugwirani mtima. Wachitatu chotsani mawu onse a m'munsi, mumvetsere ndi makutu okha. Wachinayi ndi wa mawa: foni m'thumba, mahedifoni m'makutu, muli m'minibasi kapena mukuchapa, muzilankhula motsatira wosewerayo ngati mwana wotsanzira mayi ake. Gawo lotsalalo onerani mongosangalala, musadzizunze.

VLC, pulogalamu yoonerapo mafilimu, ndi yaulere pa foni ndi pa kompyuta. Imalola kuchepetsa liwiro, ndipo 0.8 ndi wabwino. Mukatsitsa kwambiri anthu amamveka ngati aledzera. Fayilo ya mawu a m'munsi, yothera ndi .srt, muipatse dzina lofanana ndi la filimu ndi kuziika m'foda imodzi, imatseguka yokha. Pa nkhani ya bandulo, tsitsani pa 360p usiku kapena pamene mwapeza Wi-Fi. Chithunzi chowala si chimene mukufuna, mukufuna mawu. Ndipo popeza kachigawo kamodzi mukukaonera kanayi, data yochepa imakufikitsani kutali. Magetsi akazima madzulo, foni yotchaja ndi kachigawo kotsitsa kale ndi sukulu yokwanira.

Zinthu ziwiri zidzakudabwitsani. Filimu yolowetsedwa mawu a chilankhulo china nthawi zambiri mawu ake a m'munsi sagwirizana ndi zimene mukumva, chifukwa omasulira zolembedwa ndi omasulira zolankhulidwa amagwira ntchito padera, ndipo achiwiriwa amatsata milomo ya wosewera. Si khutu lanu lalakwa. Chachiwiri, anthu amameza mawu. Buku limati je ne sais pas, Mfalansa wa m'filimu amangoti "chais pas". Musanafike pa mafilimu a Chifalansa, khalani miyezi ingapo pa nkhani za RFI, wailesi ya ku France, za Chifalansa chosavuta, za mphindi 10, zimene amaikanso zolembedwa zake pa intaneti.

Muzidziwanso kuti chilankhulo mukuphunziracho ndi cha dera liti. Novela idzakuphunzitsani kuti basi ndi ônibus ndipo chakudya cha m'mawa ndi café da manhã. Ku Lisbon amati autocarro ndi pequeno-almoço. Ku Tete mudzamva machimbombo, chapa ndi mata-bicho. Adzakumvani ndithu, kungoti adzakufunsani ngati munakulira pa kanema. Chifalansa cha ku Paris chimati 90 ndi quatre-vingt-dix, ndiye kuti makumi awiri kanayi kuonjeza khumi, pamene anzathu a ku Congo, monga a ku Belgium, amangoti nonante. Ine ndili kumbali ya a ku Congo.

Kope la mawu

Lembani chiganizo chonse momwe mwachipezera, osati liwu lokha. Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti chimene waphunzira chimathawa kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, ndiye bwererani ku ziganizozo mawa, patatha masiku atatu, patatha sabata, patatha mwezi. AnkiDroid, pulogalamu yaulere ya pa foni, imakuwerengerani masikuwa. Timakadi todula pa katoni ya sopo timagwiranso ntchito. Ziganizo 10 patsiku zakwana. Ndinayesapo 40, patatha masabata awiri ndinkaithawa foni ngati ya munthu wondikongoza.

Kuonjeza chachiwiri ndi chachitatu

Nthawi yake ndi pamene mwamaliza buku lathunthu la akuluakulu ndipo mutha kutsatira gawo la sewero popanda mawu a m'munsi, ngakhale zina zikukudutsani. Pamenepo chilankhulo choyamba sichifunanso khasu, chimangofuna kuthirira: buku la pabedi, sewero la Loweruka. Mphamvu za m'mawa zipite kwa chatsopano.

Zilankhulo zapachibale musaziyambe pamodzi. Chisipanishi ndi Chipwitikizi zimalowana ngati ulusi wa mtundu umodzi. Mukauza wophika wa ku Spain kuti chakudya ndi exquisito, mwamutamanda. Mukauza wa ku Portugal kuti ndi esquisito, mwati n'chachilendo chokayikitsa. Koma chimodzi chikakhazikika, chibale chomwecho chimasanduka phindu: ine Chifalansa ndinachiphunzira ndi dikishonale ya Chifalansa ndi Chipwitikizi, ndipo zonse ziwiri zinkakula limodzi. Nkhani imodzi yomweyo muthanso kuigwiritsa ntchito pa chilankhulo chilichonse chatsopano. Maliko ndamuwerenga m'zilankhulo zisanu tsopano, kuwerengera Chichewa ndi Chingerezi.

Chilichonse chipatseni malo ake. Kwa ine Chiswahili ndi cha m'minibasi, Chipwitikizi ndi cha pa kanema madzulo, Chifalansa ndi cha buku ndisanagone. Malo akasiyana, m'mutu sizisakanikirana kwambiri.

Chijeremani chija chinafa chifukwa ndinalibe nkhani imene ndinkaifuna m'Chijeremani. Ndinkangodina timafunso ta pa foni tsiku ndi tsiku, manambala a masiku otsatizana akukwera, koma panalibe buku kapena sewero limene linkandidikira. Musanayambe chilankhulo, pezani kaye chinthu chimodzi chimene mukulakalaka kuchimva m'mawu a eni ake. Chikasowa, dikirani.

Pakamwa

Mabuku ndi mafilimu amadzaza nkhokwe, koma lilime limamasuka polankhula ndi munthu. Kuno mwayi ulipo. Ku Dzaleka ku Dowa kuli anthu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda olankhula Chiswahili ndi Chifalansa, ndipo chikondwerero cha Tumaini, chimene chinayamba kumeneko mu 2014, chimasonkhanitsa alendo ndi eni malo. Chiswahili cha ku Congo chimasiyanako ndi cha ku Tanzania, chili ndi Chifalansa chambiri mkati, musadabwe. Madalaivala a mathiraki a ku Beira ndi Nacala, amalonda opita ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, onsewa ndi aphunzitsi ngati mwafika mwaulemu. Lonjerani, nenani kuti mukuphunzira, pemphani kuti akukonzeni. Mswahili wamkulu mumuyambe ndi shikamoo, adzayankha marahaba, ndipo kuyambira pamenepo amakupirirani.

Ulendo wanga woyamba wa ku Tanzania ndinagula tikiti ku Mbeya ya basi ya ku Dar es Salaam, zonse m'Chiswahili, ndikudzimva kukoma. Mnyamata wa matikiti anati basi inyamuka saa kumi na mbili. Khumi ndi ziwiri, ndinatero mumtima, 12 koloko masana, ndigona mokwanira. Ndinafika pa depoti 11 koloko basi itapita maola asanu apitawo. Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka: 7 koloko m'mawa ndi saa moja, 8 koloko ndi saa mbili, ndipo saa kumi na mbili ndi 6 koloko. Zinalimo m'kabuku kanga ka galamala, pa tsamba limene ndinalumpha. Akakuuzani nthawi m'Chiswahili, yang'anani nambalayo pa wotchi ya mivi, ndipo muwerenge imene yayang'anizana nayo tsidya lina.